9mmP kapena 9mm Short: kusankha pisitolo yotetezera pakhomo ku South Africa

Mukalowa m'sitolo ya mfuti ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town n'kunena kuti mukufuna pisitolo yocheperako yosunga pakhomo, wogulitsa adzakuyalirani mitundu iwiri. Wina umadya zipolopolo za 9mm Parabellum, zomwe ogulitsa amangoti 9mmP. Winawo umadya 9mm Short, zomwe ku America amazitcha .380 ACP. Mayina akufanana, kunenepa kwa mutu wa chipolopolo n'kumodzi, koma mphamvu zake zatalikirana kwambiri. Malangizo athu ndi akuti mutenge 9mmP mu pisitolo ya saizi yapakati, pokhapokha ngati manja anu aikana. Koma zoti manja aikana kapena aivomera sizidziwika mutaima pakauntala. Zimadziwika mukawombera.

Choyamba: onani ngati lamulo likukulolani

Lamulo loyendetsa nkhani za mfuti m'dzikoli ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2004. Kwa abale athu amene ali ku Joni, mfundo yoyamba ndi iyi: wopempha ayenera kukhala nzika ya South Africa kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Pemiti ya ntchito kapena ya sukulu siikwanira. Ayeneranso kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo. Ngati simukukwanira pa mfundo ziwirizi, lekerani pomwepa. Mfuti yogula kuseri imapereka zaka zambiri za ndende, ndipo simudziwa kuti inaphapo ndani musanaigwire inu.

Ndondomeko yake imayenda motere. Mumayamba mwaphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, n'kukhoza mayeso awiri: la kudziwa lamulo, lomwe nambala yake ndi 117705, ndi la kagwiridwe ndi kawomberedwe ka mfuti ya m'manja, lomwe ndi 119649. Kenako mumapita kupolisi ya m'dera lanu, kwa ofesala woona za mfuti amene amatchedwa DFO, kukapempha satifiketi yotsimikiza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti pogwiritsa ntchito fomu ya SAPS 517. Laisensi yeniyeni imapemphedwa pa fomu ya SAPS 271, pamodzi ndi kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira mfutiyo.

Chigawo 13 cha lamuloli, chomwe ndi cha mfuti yodzitetezera, chimalola mfuti imodzi yokha, ndipo laisensi yake imatha pakapita zaka 5. Apa ndi pamene kusankha kumalemera. Laisensi imalembedwa nambala ya mfutiyo ndi mtundu wa zipolopolo zake. Mfuti mumailipira, imakhala kwa wogulitsa kwa miyezi mukudikira yankho, ndipo mukadzaona kuti siikukuyenerani, palibe kungoibweza n'kutenga ina. Mumayambanso mapepala. Laisensiyi siigwira ntchito ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, choncho musanyamule mfuti popita kumudzi poganiza kuti khadi lanu likutetezani pachipata.

Chachiwiri: zidziweni zipolopolo ziwirizi

9mm Parabellum inapangidwa ndi Georg Luger ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chigoba chake n'chotalika mamilimita 19, n'chifukwa chake pabokosi pamalembedwa 9x19 kapena 9mm Luger. Mutu wake umalemera ma grain 115, 124 kapena 147, kutanthauza magalamu 7.5, 8 kapena 9.5. Mitu iwiri yopepukayo imatuluka mumpope pa liwiro la mamita pafupifupi 350 mpaka 370 pa sekondi, ndipo mphamvu yake, pa muyezo wotchedwa joule, imakhala cha m'ma 500.

9mm Short inapangidwa ndi John Browning ndipo kampani ya Colt inaitulutsa mu 1908. Chigoba chake ndi cha mamilimita 17. Pabokosi mupeza palembedwa 9x17, .380 Auto, 9mm Kurz, 9mm Corto kapena 9mm Browning Court, koma chonsecho n'chinthu chimodzi. Mutu wake umalemera ma grain 90 kapena 95, pafupifupi magalamu 6, ndipo umayenda mamita pafupifupi 290 pa sekondi. Mphamvu yake imasewera pakati pa ma joule 250 ndi 280, yomwe ndi theka chabe kapena kupitirira pang'ono poyerekeza ndi 9mmP.

Kusiyana kwa mamilimita awiri kokha sikungabweretse zonsezi. Gwero lake ndi mphamvu ya mpweya wotentha onga ukayaka. Bungwe la SAAMI, lomwe limaika miyezo ya zipolopolo ku America, limayeza mphamvu ya mpweyayi mu psi, ndipo limalola psi 35,000 pa 9mmP ndi psi 21,500 pa 9mm Short.

Pali ngozi imodzi imene tiyenera kuitchula pano. Chipolopolo cha 9mm Short chimalowa m'pisitolo ya 9mmP chifukwa n'chachifupi, ndipo nthawi zina chimaphulika ndithu, koma mfuti imakakamira ndipo chigoba chikhoza kung'ambika. Palinso 9x18 Makarov, yomwe mutu wake ndi wonenepa pang'ono kuposa ziwirizi. Werengani zimene zadindidwa pampope wa mfuti ndi pansi pa chigoba nthawi iliyonse mukagula bokosi latsopano. Lamulonso limangokulolani kusunga zipolopolo za mfuti imene muli nayo laisensi.

Chachitatu: kuya kumene chipolopolo chimalowa

Pisitolo iliyonse ndi yofooka poyerekeza ndi mfuti zazitali. Siigwetsa munthu ndi mphamvu ya kugunda ngati m'mafilimu. Imaletsa wachiwembu motsimikizika pokhapokha chipolopolo chikafika pa ziwalo zofunika, ndipo kuti chifike chiyenera kudutsa zovala, mwina mkono umene uli kutsogolo, ndiponso fupa.

Muyezo umene opanga zipolopolo amatsatira unachokera ku FBI, bungwe la apolisi ofufuza milandu ku America. Pa 11 April 1986 ku Miami, apolisi awiri a bungweli anaphedwa ndipo asanu anavulala polimbana ndi achifwamba awiri. Chipolopolo china cha 9mm chinamulasa mmodzi wa achifwambawo kumayambiriro, koma chinaima chisanafike pamtima, iye n'kupitiriza kuwombera. Zitatero, FBI inakhazikitsa lamulo lakuti chipolopolo chizilowa mainchesi 12 mpaka 18, omwe ndi masentimita 30 mpaka 46, mu jelatini yoyesera, chinthu chofewa choyerekezera mnofu wa munthu, ngakhale chitayamba chadutsa nsalu zochindikala. Bungweli linasiya 9mm n'kupita ku 10mm, kenako .40 S&W. Mu 2014 linanena kuti likubwerera ku 9mm chifukwa mitu yamakono inali itayamba kukwanitsa muyezo uja, mfuti imanyamula zipolopolo zambiri, ndipo apolisi ake ankalasa molondola ndi mofulumira kuposa ndi zipolopolo zazikulu. Mu 2016 linagwirizana ndi kampani ya Glock kuti izilipatsa mapisitolo a 9mm.

Pa muyezo umenewu, 9mmP ya mutu wobowoka kutsogolo, umene umatchedwa hollow point, imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: imatambasuka ikalowa, komanso imafika kuya kofunika. 9mm Short ilibe mphamvu yokwanira kuchita zonse ziwiri mosakayikitsa. Mutu ukatambasuka kwambiri umaima msanga, usanafike masentimita 30. Bowo lake likatsekeka ndi nsalu ya jekete, sutambasuka n'komwe, umangoboola. Sitikunena kuti 9mm Short ndi choseweretsa, ayi, imapha. Koma mpata wake wolakwitsa ndi wochepa, ndipo mpope ukakhala waufupi liwiro limatsikanso.

Chachinayi: mfuti yake, osati chipolopolo chokha

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Amamva kuti 9mm Short ili ndi mphamvu yochepa, basi n'kuganiza kuti pisitolo iliyonse ya 9mm Short ndi yofatsa m'manja, yoyenera mayi kapena munthu wachikulire. Sizili choncho. Kukankha kumene dzanja limamva kumadalira zinthu zitatu: chipolopolo, kulemera kwa mfuti, ndi mmene mfutiyo imatsekera kumbuyo kwa mpope.

Tiyambe ndi kulemera. Ruger LCP, kapisitolo ka m'thumba ka 9mm Short, sikafika magalamu 300 kakakhala kopanda zipolopolo. Chogwirira chake chimakwana zala ziwiri zokha, chala chaching'ono n'kumalendewera. Glock 19, ya 9mmP, ikadzaza ndi zipolopolo zake 15 imalemera magalamu pafupifupi 850, mpope wake ndi wa mamilimita 102, ndipo dzanja lonse limakwana pachogwirira. Anthu ambiri ongoyamba kumene amapeza kuti Glock 19 ndi yosavuta kuwombera kuposa kapisitolo kaja, ngakhale chipolopolo chake chili ndi mphamvu pafupifupi kawiri. Kamfuti kopepuka kamalumpha, kamaluma chikhatho, ndipo munthu amayamba kutsinzina ndi kugwetsa mlomo wa mfuti asanawombe. Zikatero zipolopolo zimapita pansi ndi kumanzere ngati ali wamanja, kapena pansi ndi kumanja ngati ali wamanzere. Choipa kwambiri n'chakuti mfuti yopweteka m'manja mwini wake amaleka kuiphunzira.

Timapisitolo tating'onoting'ono tinapangidwa kuti tizibisika m'zovala. Mfuti yosunga pakhomo siifunika kubisika, ndiye palibe chifukwa cholipirira kuchepa kwake ndi kulasa kwanu. Popeza chigawo 13 chimakupatsani imodzi yokha, ndipo mwina tsiku lina mudzafuna kuinyamula m'chiuno, saizi yapakati ngati Glock 19, CZ P-10 C kapena CZ P-07 imakwanira ntchito zonse ziwiri. Zitatuzi zimanyamula zipolopolo 15 m'magazini.

Tsopano katsekedwe. Mapisitolo ambiri akale a 9mm Short, monga Walther PPK, CZ 83, Beretta 84 ndi Bersa Thunder, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa blowback. Mpope wake sugwedezeka, ndipo chimene chimaletsa slide, chitsulo cha pamwamba chija, kuti isatseguke msanga ndi kulemera kwake ndi sipuling'i yolimba basi. Zotsatira zake ndi ziwiri. Kukankha kumabwera mwadzidzidzi ndi mwaukali. Ndipo kukoka slide ndi dzanja kuti chipolopolo chilowe kumafuna mphamvu, nthawi zina kuposa pa 9mmP. Munthu wa nyamakazi amene wagulidwa PPK poganiza kuti amuchitira chifundo akhoza kulephera ngakhale kuitsegula. Kwa a manja onenepa, slide ya PPK imathanso kucheka khungu la pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

Mapisitolo pafupifupi onse a 9mmP amatseka mwa njira ina: mpope ndi slide zimakolana, zimabwerera limodzi pang'ono, kenako mpope umatsika n'kumasula slide. Njira imeneyi imamwaza kukankha kuti kusafike nthawi imodzi, ndipo siifuna sipuling'i yolimba kwambiri. Mapisitolo ena atsopano a 9mm Short amatsekanso chonchi, ndipo amenewa ndiwo ofatsa zenizeni. Glock 42 ndi imodzi. Ina ndi Smith & Wesson M&P 380 Shield EZ, imene inatuluka mu 2018: imanyamula zipolopolo 8, slide yake imakokeka mosavuta, ndipo magazini ake ali ndi timakutu m'mbali tokokera sipuling'i pansi poika zipolopolo. Ngati mwasankha 9mm Short chifukwa cha manja ofooka, funsani wogulitsa mwachindunji ngati mfutiyo ndi blowback kapena yokolana. Yankho lake ndi lofunika kuposa dzina la kampani.

Chachisanu: kayeseni musanalipire

Malo ambiri ovomerezeka ophunzirira kuwombera amabwereketsa mfuti pansi pa mlangizi. Pemphani zitatu: 9mmP ya saizi yapakati, 9mm Short yokolana, ndiponso, ngati zilipo, Glock 42 ndi Glock 43. Ziwiri zomalizazi n'zofanana maonekedwe, zonse zimanyamula zipolopolo 6, koma 42 ndi ya 9mm Short pamene 43 ndi ya 9mmP, choncho zimakuonetsani kusiyana kwa chipolopolo pachokha. Valani zotseka m'makutu ndi magalasi.

Musanaike chipolopolo, mlangizi atatsimikiza kuti mfuti ilibe kanthu, yesani izi:

1. Gwirani mfuti mwakuti mpope ulunjike mzere umodzi ndi mkono wanu. Nsonga ya chala cholozera ifike pa trigger, kachitsulo kokoka powomba, popanda kupotoza dzanja. Ngati mukuchita kuzungulira chogwirira kuti mufike, mfutiyo yakukulirani.
2. Kokani slide mpaka kumapeto kakhumi motsatizana. Musaitsine ndi zala ziwiri kumbuyo. Ikani chikhatho pamwamba pake, kumbuyo kwa bowo lotulukira zigoba, mfuti ili pafupi ndi chifuwa, ndipo kankhani chogwirira kutsogolo ndi dzanja lamphamvu pamene linalo lagwira slide. Ambiri amene amati 9mmP yawakanika amaitsegula bwinobwino akaphunzira kagwiridwe aka.
3. Tsekerani slide kumbuyo, tulutsani magazini ndi chala chachikulu, ndipo dzazani magazini nokha mpaka chipolopolo chomaliza.

Kenako womberani. Ikani pepala la A4 pa mtunda wa mamita 5, womwe ndi wofanana ndi kutalika kwa chipinda chochezera kapena kakhonde ka m'nyumba zambiri. Wombani zisanu pang'onopang'ono. Sinthani pepala, wombani zisanu motsatizana, chilichonse mukangoona kuti zoyang'anira za pamwamba pa mfuti zabwerera pakati. Bwerezani ndi dzanja limodzi, chifukwa usiku dzanja linalo likhoza kukhala pa foni, pa tochi, pa chitseko kapena pa mwana. Mukatha, sunthani pepala lifike mamita 7. Chitani zonsezi ndi mfuti iliyonse, ndipo lembani dzina la mfuti papepala lake.

Mapepalawo ndiwo akuuzeni. Ngati ndi 9mmP zonse zisanu zikukhala papepala, ngakhale ndi dzanja limodzi, ndipo mutawomba 50 dzanja silikupweteka, nkhani yatha: tengani 9mmP. Ngati zikumwazikana, mfuti ikuterereka m'manja moti mukuigwiranso mukawomba kulikonse, koma ndi 9mm Short zikugwera pamodzi, tengani 9mm Short ndipo musachite nayo manyazi. Chipolopolo chofooka chimene chalasa chili ndi ntchito, champhamvu chimene chaphonya chikupita kwa anansi. Tsiku loyamba aliyense amanjenjemera, choncho bwererani tsiku lina mukayesenso musanapereke ndalama.

Yang'aniraninso vuto ili: chigoba chotsala chitaima chilili pabowo lotulukira. Kawirikawiri zimachitika chifukwa cholumikizira dzanja chafewa, mfuti yonse n'kubwerera m'mbuyo m'malo moti slide yokha ibwerere. Zimachitika kwambiri pa timfuti topepuka. Zikamachitikabe mutalimbitsa dzanja, mfuti imeneyo si yanu.

Chachisanu ndi chimodzi: mtengo ndi kupezeka kwa zipolopolo

Izi n'zachidule. Apolisi ndi asilikali a ku South Africa amagwiritsa ntchito 9mmP, makampani a zachitetezo nawonso, ndipo fakitale ya PMP ku Pretoria yakhala ikupanga zipolopolozi kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake zimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti ndipo kawirikawiri zimatsika mtengo kuposa 9mm Short, ngakhale 9mm Short ili yaing'ono. Funsani mtengo wa bokosi la 50 la mitundu yonse iwiri m'masitolo awiri kapena atatu a kwanuko, muwerengere bokosi limodzi pamwezi kwa chaka. Lamulo limalola munthu wa laisensi wamba kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse.

Chachisanu ndi chiwiri: mfuti ikafika, itsimikizeni

Pukutani girizi wa kufakitale, pakani mafuta pang'ono pa njanji za slide ndi kunja kwa mpope malinga ndi bukhu lake. Kenako wombani zipolopolo wamba za mutu wozungulira, zotchedwa FMJ, zosachepera 200, pogwiritsa ntchito magazini onse amene muli nawo. Lembani nambala pansi pa magazini iliyonse. Kukakamira kwambiri kwa pisitolo kumachokera ku magazini, kaya milomo yake yapindika kapena sipuling'i yatopa, ndipo popanda nambala simungadziwe yolakwa.

Mukatero, yesani zipolopolo zenizeni zimene muzisunga m'mfuti. Pa 9mmP, hollow point ya ma grain 124 kapena 147 ya mtundu wodziwika monga Federal HST kapena Speer Gold Dot ndi yokwanira. Zolembedwa +P, kutanthauza za mphamvu yowonjezera, zimene mphamvu yake imafika psi 38,500, zimawonjezera kukankha ndi moto wa kumlomo, ndipo m'nyumba simuzisowa. Pa 9mm Short sankhani mutu umene umatambasuka pang'ono koma n'kulowa mozama, monga XTP ya Hornady. Pewani 9mm Short yolembedwa +P, chifukwa SAAMI ilibe muyezo wa zimenezo ndipo simudziwa mphamvu imene ili m'katimo. Mapisitolo akale a blowback anapangidwa kuti azidya mitu yozungulira, ndiye ena amakana hollow point, mlomo wake wotambalala umakodwa pokwera kulowa mumpope. Wombani magazini awiri kapena atatu odzaza ndi zipolopolo zosankhazo. Ikakakamira ngakhale kamodzi popanda chifukwa chooneka, sinthani mtundu.

Zinthu zitatu zimaononga zipolopolo zosunga. Choyamba, kulowetsa ndi kutulutsa chipolopolo chomwechomwecho tsiku ndi tsiku kumakankhira mutu m'kati mwa chigoba, malo a onga amachepa, ndipo mphamvu ya kuphulika imakwera moopsa. Imikani chipolopolocho pambali pa chatsopano, ndipo chikaoneka chachifupi musachiwombe. Chachiwiri, mafuta ochuluka amatha kulowa pa kapu yoyatsira onga, ya pansi pa chigoba, n'kuipha. Chachitatu ndi chinyezi, makamaka m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ngati Durban. Wombani zosungazo kamodzi pachaka n'kuika zatsopano.

Pophunzira, mukamva kulira kofooka kosazolowereka ndipo mfuti sinakankhe, imani pomwepo. Mwina mutu watsakamira mumpope, ndipo kuwomba china pamwamba pake kumaphulitsa mpopewo.

Makoma, mdima ndi amene ali kuseri

Ena amasankha 9mm Short poganiza kuti siidutsa khoma. Musadalire zimenezo. Mitundu yonse iwiri imaboola chitseko cha matabwa, zenera, siling'i, khoma la bolodi ndi malata mosavuta. Kwa amene akukhala m'nyumba ya malata kapena m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya eni, mabanja atathithikana mbali zonse, chipolopolo chophonya chikhoza kudutsa nyumba zingapo. Khoma la njerwa limaimitsa zambiri, koma njerwa, konkire ndi matailosi zimanjanjitsa chipolopolo n'kuchitumiza kwina. Yendani m'nyumba mwanu masana, muime pakhomo la chipinda chogona, muone mbali zimene kuli zipinda za ana ndi nyumba za anansi. Mbali zimenezo n'zoletsedwa kulozako mfuti.

Tochi yowala bwino izikhala pamodzi ndi mfuti. Simuwombera mthunzi, phokoso kapena chitseko chotseka. Pa 14 February 2013 ku Pretoria, katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawomba kanayi ndi pisitolo ya 9mm pachitseko cha chimbudzi chotseka n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Pistorius anati ankaganiza kuti munali wakuba, koma mu December 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Lamulo la dzikoli limalola mphamvu yakupha pokhapokha pali chiwembu chosaloledwa chimene chayamba kapena chili pafupi kuyamba, choopseza moyo kapena kuvulaza kwambiri, ndipo palibe njira ina yochepera. Wakuba amene akuthawa ndi wailesi ya kanema sali m'gulu limeneli. Njira yabwino usiku ndi kusonkhanitsa banja m'chipinda chimodzi, kukhoma, kuimbira 10111 ndi kampani ya zachitetezo ngati muli nayo, n'kudikira muli kumbuyo kwa chitseko. Kuzungulira m'nyumba mumdima kusaka munthu n'kumene kumaphetsa eni nyumba ndi abale awo.

Dziwaninso kuti kulira kwa pisitolo m'chipinda chotseka kumaposa madesibelo 150 pa mitundu yonse iwiri, ndipo kumatha kuononga makutu kamodzi kokha. Pa mfundo imeneyi 9mm Short siikupulumutsani.

Kasungidwe

Mfuti ikakhala kuti siili pathupi panu kapena m'manja mwanu, lamulo limafuna kuti ikhale mu safe, bokosi lachitsulo lokwaniritsa muyezo wa SABS 953-1, lomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi. DFO ali ndi ufulu wobwera kudzaliona. Pansi pa pilo, m'dirowa kapena pamwamba pa wadiropu si malo osungira, ndipo mfuti ikabedwa kapena mwana akaipeza pamalo otero, mlandu ndi wanu. Mangani safe m'chipinda chogona, pamene mungafike mumdima, ndipo yesererani kuitsegula magetsi atazima, mfuti ilibe zipolopolo. Ngati ndi ya manambala a batire, sinthani batire isanathe ndipo kiyi wapadera akhale pathupi panu.

Kiyi ndi wa mwini laisensi yekha. Ngati mukufuna kuti akazi anu kapena amuna anu azithanso kuigwiritsa ntchito inu kulibe, chigawo 12 chimalola munthu wokhala nanu nyumba imodzi kupempha laisensi yowonjezera pa mfuti yomweyo, atadutsa maphunziro ndi mayeso omwewo. Zikakhala choncho, nonse awiri mupite kokayesa kuja, ndipo mfuti isankhidwe potengera amene ali ndi manja ofookerapo. Apa ndi pamene 9mm Short yokolana imapambana kawirikawiri, ndipo m'pomveka.

Tikupemphani kuti mfundo iyi muitenge mozama: ngati m'nyumba muli ndewu za m'banja, kuledzera kosadziletsa, kapena wina amene wanenapo zodzipha, musabweretsemo mfuti ya mtundu uliwonse. Ngati ilimo kale, kaisungitseni kwa wogulitsa wovomerezeka kapena kambiranani ndi DFO. Lamulo lomweli limapatsa apolisi mphamvu yolengeza kuti munthu sayeneranso kukhala ndi mfuti ngati khoti lamuikira chiletso chomaliza pa nkhanza za m'banja kapena ngati waopseza kudzipha kapena kupha wina.

Tsiku limene mwalandira khadi la laisensi, lembani pakalendala tsiku lotha ntchito, mubwerere m'mbuyo miyezi inayi. Pempho lowonjezera nthawi, pa fomu ya SAPS 518(a), liyenera kufika kupolisi kutatsala masiku osachepera 90 laisensi isanathe. Khoti la malamulo aakulu a dziko linagamula mu 2018 kuti mfundo imeneyi ndi yovomerezeka, kutanthauza kuti laisensi ikatha musanapemphe, mfuti imene ili mu safe yanu mukuisunga mosaloledwa.